Momwe mungayezere okosijeni amene ubongo ukudya pogwiritsa ntchito makina a MRI

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti chabe ya thupi lonse, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni amene thupi limagwiritsa ntchito. Ambiri akaona zithunzi za ubongo za madontho ofiira zija amayesa kuti makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito, akuona okosijeni akudyedwa. Si choncho. Chikuoneka pamenepo ndi magazi amene athamangira pamalopo. Mu 1986, Peter Fox ndi Marcus Raichle anapeza kuti mbali ina ya ubongo ikayamba ntchito, magazi amafikako ambiri kuposa amene akufunika, ngati mayi wophika nsima ya anthu khumi pomwe mlendo ndi mmodzi. Ntchito yanu ndi kudziwa zimene mlendoyo wadyadi.

Yambani ndi makina amphamvu, makamaka a maginito a 3 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). MRI imene inafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 inathandiza kwambiri kuonetsa kuti ana odwala malungo a mu ubongo amatupa ubongo, koma inali ya 0.35 tesla, yochepa mphamvu pa ntchito ino.

Kenako konzani munthu woyezedwayo. Mufunseni ngati ali ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Makiyi, foni ndi ndalama zachitsulo zitsale kunja. Asamwe khofi kapena tiyi m'mawa umenewo, chifukwa zimapanikiza mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Mutsekeni makutu, makinawa ndi aphokoso ngati chigayo, ndipo mutu muutchinjirize ndi timapilo. Ukasuntha pang'ono pokha, zithunzi zawonongeka.

Tsopano jambulani zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba ndi BOLD, njira imene Seiji Ogawa anaifotokoza mu 1990: magazi amene apereka kale okosijeni amasokoneza maginito, choncho akachepa chithunzi chimawala. Chachiwiri ndi ASL. Apa makina amaika chizindikiro pa madzi a m'magazi akudutsa pakhosi, n'kuyeza kuti angati afika mu ubongo. Palibe jekeseni.

Gawo lotsatirali ndiye mtima wa nkhani, ndipo amene amalidumpha amabwera ndi zithunzi zokongola koma opanda yankho. Mvekeni munthuyo masiki, apume kwa mphindi zingapo mpweya wosakaniza ndi 5 peresenti ya carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma. Mitsempha imatseguka, magazi n'kuchuluka mu ubongo monse, pomwe ubongowo sunawonjezere ntchito. Umu ndi momwe mumadziwira kuti BOLD imawala motani chifukwa cha magazi okha. Njirayi anaifalitsa ndi Timothy Davis ndi anzake ku Boston mu 1998. Pali akatswiri ena amene amati mpweyawu umachepetsako ntchito ya ubongo, n'chifukwa chake ena amawonjezanso kupumitsa munthu okosijeni wambiri. Muuzirenitu woyezedwayo kuti amva phuma ngati akukwera chitunda, ndipo m'manja akhale ndi kampira koti afinye akafuna kuti muimitse.

Akapumula, mupatseni ntchito. Yotchuka ndi kuonerera timabokosi takuda ndi toyera tothwanima, ngati bolodi ya drafiti, masekondi 30, kenako kupumula masekondi 30, mobwerezabwereza. Ena amangouza munthu kuti azigunditsa zala. Musadabwe magazi akachedwa, amafika pachimake patapita masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pomaliza, kompyuta iyerekeze zotsatira ziwirizi. Ngati magazi awonjezeka mofanana pa masiki ndi pa ntchito, BOLD ya pa ntchito imawala mocheperapo, popeza okosijeni wina wadyedwa. Kusiyana kumeneko ndiye yankho lanu. Nthawi zambiri mupeza kuti magazi akwera kawiri kapena katatu kuposa kudya kwa okosijeni. Polemba zotsatira, nenani kuti mwayeza kusintha kwa kadyedwe kuyerekeza ndi nthawi yopuma ija, osati okosijeni yense amene ubongo umadya.