Musathamangitse malamulo opita ku power supply

Nyengo ino ya mapulojekiti, vuto limene ndikulipeza m'malabu n'limodzi. Anthu akulemba pulogalamu yoyendetsa power supply (makina opereka magetsi poyesa zipangizo) kudzera pa USB kapena LAN, n'kumangoponya malamulo motsatizana: VOLT 12 (ika voltage pa 12), OUTP ON (yatsa), MEAS:VOLT? (yeza voltage), basi nambala yalowa mu lipoti. Kompyuta imatumiza mizere itatuyi m'kuphethira kwa diso, koma magetsi otuluka pa makinawo amafuna nthawi kuti akwere n'kukhazikika. Nambala imene mwawerengayo ndi ya voltage imene ikadali m'njira, mwina 7, mwina 10. Mawa mukabwereza, ituluka ina, n'kuyamba kukayikira waya, mita, ngakhale makina amene alibe mlandu.

Kukwerako n'kwabwinoko. Choopsa ndi potsika. Kumapeto kwa power supply kuli ma capacitor osunga mphamvu, ndipo ngati palibe chimene chikukoka magetsi, amakhuthuka pang'onopang'ono, makamaka pa makina otsika mtengo amene alibe dera lothandiza kutsitsa voltage mwachangu. Mwalamula VOLT 5, makina avomera, koma pa mawaya pakadali 20.

Mnyamata wina amene amakonza timabolodi toyendetsa mapampu a sola a alimi a mthirira anabwera akudandaula kuti timabolodi tikupsa tokha poyesedwa. Mlandu ankaupereka kwa amene anamugulitsa zipangizo. Titayang'ana pulogalamu yake, tinapeza kuti imayesa gawo la 24 V, kenako imalamula 5 V n'kutseka relay (swichi yolumikiza kabolodi ku magetsi ikatsekedwa) pamzere wotsatira. Kachipangizo kopangidwira 5 V kankalandira mphamvu yopitirira katatu. Ndalama za timabolodi zinapita, ndipo alimi anadikira pampu dimba likuuma.

Ndikawauza zimenezi, ambiri amathamangira time.sleep(1), lamulo loimitsa pulogalamu kwa sekondi imodzi. Chizolowezi chimenechi chimanditopetsa. Ndi ndani anakuuzani kuti sekondi imodzi ndi yokwanira? Kumeneko n'kuponya mwala mumdima. Lero zayenda chifukwa katundu ali pa mawaya akukoka magetsi ambiri. Mukasintha katunduyo kapena kubwereka makina a labu ina, zasokonekera. Ena poopa amaika masekondi 5 paliponse, ndiye mayeso a masitepe 200 amadya mphindi zoposa 16 pongodikira, anzawo ali pamzere kufuna makina omwewo. Chonsecho njira yofunsira makina ngati amaliza ilipo kuyambira 1987 mu IEEE 488.2, muyezo wa mmene kompyuta imalankhulira ndi makina oyezera, ndipo SCPI, chilankhulo cha malamulo ngati VOLT 12 chimene chinabwera mu 1990, inaitenga momwemo. Ili m'buku la makina anu, lija simulitsegula.

Ndiye chitani izi. Mukatumiza lamulo losintha kanthu, tumizani *OPC?, funso lofunsa makina ngati amaliza, ndipo musapitirire mpaka makina ayankhe 1. *WAI imaimitsa makinawo kuti asagwire lamulo lotsatira, koma pulogalamu yanu imapitirirabe, choncho singateteze relay yoyendetsedwa ndi chipangizo china. Dziwaninso kuti pa makina ambiri 1 uja amangotanthauza kuti lamulo lagwiridwa, osati kuti voltage yafika. Choncho funsani MEAS:VOLT? mobwerezabwereza mpaka nambala iyandikire imene mukufuna, ndipo ikani malire a nthawi kuti ikakanika muzimitse ndi OUTP OFF. Funso lililonse muwerenge yankho lake musanatumize lina, apo ayi mulandira uthenga wa vuto -410, Query INTERRUPTED. Ngati ntchito ndi yotenga nthawi, kwezani timeout (nthawi yodikira yankho) ya VISA, pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi makina, poti nthawi zambiri imayambira pa 2000 ms. Pomaliza sitepe iliyonse funsani SYST:ERR?, funso loona ngati pali cholakwika, mpaka iyankhe 0.