Mmene mungakonzere handikapu pa ligi ya pulu kuti anthu asiye kulozana zala

Loweruka lina mu Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa mpaka m'mafupa, tinali ndi kampikisano ka pulu ku Chibavi, anthu 16, aliyense kuponya yake mu poto. Kunabwera mkulu wina wa jekete yaikulu, akuti ine amwene ndimangosewera mwa apo ndi apo, ndiye tinamuika m'gulu la ophunzira. Gemu yoyamba ndodo ankaigwira ngati khasu. Kufika semi munthu uja anasanduka wina, akusesa tebulo yonse ife osapeza mpata ngakhale wopaka choko. Ndalama anatenga, nkukwera kabaza, ife kutsala tikufunsana kuti kodi levo imeneyi anamupatsa ndani? Palibe anayankha, poti zoona zake tinangomuyang'ana nkhope basi.

Kwa amene simunazolowere, handikapu ndi kungomupatsa poyambira munthu wofooka kuti akakumana ndi dolo naye akhale ndi mwayi. Popanda zimenezi ligi imafa msanga, anthu atatu omwewo amadya ndalama sabata iliyonse ndipo enawo akatopa kupereka chopereka amasiya kubwera. Koma handikapu yongoganizira ndiye yoipa kuposa kusakhala nayo. Ndiye chinthu choyamba, musanakambe za levo ya munthu aliyense, gulani kope. Kope lenileni la sukulu lija, likhale pa kauntala, ndipo pakhale munthu mmodzi wolemba yemwe sakusewera gemu imeneyo. Azilemba tsiku, mayina awiri, tebulo yake iti, ndi magemu angati aliyense wawina, osangoti uje wawina ayi, azilemba kuti 5-1 kapena 5-4 chifukwa kuluza 5-4 ndi kuluza 5-0 ndi anthu awiri osiyana. Usiku womwewo ajambule tsambalo aponye pa gulu la WhatsApp kuti mawa lake wina asadzabwere ndi nkhani yoti ine ndinawina atatu.

Malevo musavutike kupeka, tengerani kwa amene anayamba kale. Ku America kuli bungwe loyendetsa maligi a pulu lotchedwa APA lomwe linayamba mu 1979, ndipo pa gemu ya 8-ball amaika anthu kuyambira levo 2 mpaka 7. Wa 7 akakumana ndi wa 2, dolo uja ayenera kuwina magemu 7 pomwe mnzakeyo akungofunika 2. Akakumana a 7 okhaokha ndi 5-5. Matebulo athu kuno ndi ang'onoang'ono, a tokeni, ndipo malamulo amasiyana malo ndi malo, koma ganizo lakelo limagwira bwinobwino kaya mipira yanu ndi yofiira ndi yachikasu kaya ndi ya manambala ija.

Tsopano masamu pang'ono, musathawe. Pali njira ina yotchedwa FargoRate imene imapatsa aliyense nambala ya luso lake, ndipo lamulo lake ndi loti mukasiyana ndi mapointi 100, wapamwambayo amawina magemu awiri pa imodzi iliyonse ya mnzake. Tiyeni titenge anthu awiri otere, wina amawina 2 pa magemu atatu aliwonse. Mukawauza kuti woyamba kufika 5 wawina, popanda handikapu, dolo uja adzatenga machesi pafupifupi 85 pa 100. Ndiye mnzakeyo akubweretsa tokeni chabe. Mukati dolo afike 5 winayo afike 3, zimatsika kufika 57 pa 100. Mukati 6 kwa 3, dolo amatsika mpaka 47 pa 100, kutanthauza kuti tsopano wofooka uja ndiye ali pamwamba pang'ono. Mwaona kusiyana kwa gemu imodzi yokha? Apa ndi pomwe makomiti ambiri amalakwitsa, amawonjezera gemu imodzi mwachifundo osadziwa kuti atembenuza zonse. Ine pa anthu awiri amenewa ndimasankha 5-3. Munthu amene wakhala zaka akuyeserera, kuwononga matokeni ake masana kulibe anthu, asiyireni kamwayi kake kochepa, apo ayi mukumuuza kuti kuphunzira kulibe phindu.

Komanso onani nthawi. 7-2 pa pepala ndi yabwino koma ngati muli ndi tebulo imodzi, anthu 16, magetsi nkuzimanso pakati, mudzafika 1 koloko usiku musanalowe semi. Fupikitsani, 4-2 m'malo mwa 6-3 zimatuluka pafupifupi chimodzimodzi. Kungoti machesi afupiafupi mwayi umalowerera kwambiri, blaki, mpira wakuda uja, ikangogwa molakwika kamodzi munthu wapita, ndiye fainolo yokha italikitseni. Za matokeni gwirizanani tsiku loyamba kuti achokera mu poto, chifukwa lamulo lija loti woluza ndiye agule limapweteka yemweyo amene mukufuna kumuthandiza.

Mlendo ndiye nkhani yaikulu. Munthu amene sali m'kope asayambire pansi, zivute zitani, ngakhale atabwera ndi malume ake kudzamuchitira umboni. Muikeni pakati kapena pamwamba, 5 mwachitsanzo, ndipo masabata atatu kapena anayi oyamba azisewera za ligi koma mpikisano wa ndalama ayi. Akakhala wofookadi atsika yekha, palibe chimene wataya kupatula magemu ochepa. A FargoRate aja nambala ya munthu samaitenga kuti yakhazikika mpaka atasewera magemu 200, ndiye ife ndani kuti tidziwe luso la munthu pa Loweruka limodzi? Makamaka kuno kumene anthu amalowa ndi kutuluka, ana a ku Mzuni atsegulira, ena abwera ku Karonga kapena Nkhata Bay pa bizinesi, sungadziwe kuti kwawoko amasewera bwanji.

Kukweza ndi kutsitsa kukhale ndi lamulo lolembedwa, lomata pakhoma, osati kumva kwa tcheyamani. Ife timachita chonchi ndipo mutha kusintha manambala malinga ndi kukula kwa ligi yanu: kumapeto kwa mwezi timayang'ana machesi 10 omaliza a munthu. Ngati handikapu ili bwino ayenera kukhala cha pa 5 kapena 6. Akawina 8 kapena kuposa, akwera levo imodzi pompo. Akawina 2 kapena kuchepera, satsika nthawi yomweyo, timadikira mwezi wachiwiri tione ngati zili chomwechobe. Kukwera msanga kutsika mochedwa, dala, chifukwa palibe amene amanamizira kuwina koma onamizira kuluza ndi ambiri. Ndipo amene wawina mpikisano wa ndalama amakwera basi, osakambirana, ndipo satsika mpaka sizoni ithe.

Obisa lusowa mudzawadziwa mukamayang'ana bwino. Munthu amaluza machesi opanda kanthu pakati pa sizoni, koma tsiku la poto dzanja silinjenjemera. Amaphonya mpira wa pakamwa pa bowo, koma taonani pomwe mpira woyera wakaima, nthawi zonse pamalo poti mnzake sangachite kanthu. Wophunzira weniweni akaphonya amasiya tebulo poyera. Ku APA wolemba amawerenga kuti munthu wabwera pa tebulo kangati gemu isanathe, ndipo amaika chizindikiro padera ngati sanafune kugwetsa mpira koma kungobisa woyera, kuti kubisa kwanzeru kusaoneke ngati kuphonya. Ife zonsezo sitingakwanitse pa bala pali phokoso, koma wolemba atha kuika kanyenyezi pa dzina la munthu akaona zokayikitsa. Tinyenyezi tikafika titatu kuchokera kwa olemba osiyana, makaputeni akhale pansi. Ndipo pokamba naye musamunene kuti wakuba, mungoti akulu, kope likuonetsa kuti mwakula, takukwezani. Ambiri amaseka nkuvomera, chifukwa pansi pa mtima aliyense amafuna kutchedwa dolo.

Ngati mumasewera matimu, Katoto ndi Luwinga, Zolozolo ndi Mchengautuba, ikani malire pa timu yonse. APA ili ndi lamulo loti anthu asanu amene asewere usiku umenewo malevo awo akaphatikizidwa asapitirire 23. Ndiye sungasonkhanitse a 7 asanu, ukatenga a 7 awiri otsala atatuwo agawane 9, ufune usafune ukasaka ophunzira, ndipo umu ndi mmene ana atsopano ndi azimayi amene amangoonerera kumbali amalowera mu timu. Vuto lake ndikuuzirenitu, lamulo lomweli limapangitsa kaputeni kunong'oneza mnyamata wake kuti aise luza iyi usakwere, timu ingaphwasuke. Ndiye munthu akakwera pakati pa sizoni ipatseni timu yake masabata awiri kuti ikonze mndandanda, musaidule mapointi tsiku lomwelo. Kaputeni asakhale nawo povota za levo ya munthu wake, atuluke kaye akagule Fanta.

Chomaliza chimene anthu amaiwala ndi tebulo. Mwini dera amadziwa kuti tebulo yake imakokera ku bowo la kumanzere, kushoni ina inafa kale, ndipo nthawi ya mvula nsalu imanyowa mpira nkumayenda ngati watopa. Munthu wa 4 pa tebulo ya kwawo amasewera ngati 5. Nchifukwa chake ndinati m'kope muzilemba tebulo. Mukamawerenga machesi 10 aja onani kuti angati anali a pakhomo, ngati onse 8 anawinawo ndi a pa tebulo imodzi, musafulumire, mutumizeni kaye akasewere awiri atatu ku Luwinga mubwere mudzaonenso kope.