Supu wa bowa wa mu Juni uno

Abale kuzizira kwa kuno ku Harare si masewera, mmawa madzi apampopi amachita kuluma zala, ndiye madzulo ine ndikumangophika supu wa bowa basi. Bowa wakutchire pano kulibe, nthawi yake ndi yamvula, koma ku Mbare Musika wouma amapezeka, anzathu achiShona amati howa. Wa mupaketi wa mu shopu uja nayenso amatheka koma kunena zoona fungo lake silifika pa wouma.

Tapani wouma manja awiri, muviike mmadzi ofunda mphindi 30. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amataya madzi aja chonsecho kukoma konse kuli momwemo! Vuulani bowayo, madziwo muwasiye adikhe kenako muwatsanulire mu kapu ina pang'onopang'ono, mchenga utsale pansi, apo ayi muziti mukamadya mano ali gwedede ngati mwatafuna njerwa.

Kazingani anyezi mmodzi mpaka afiire, ponyani adyo ndi kajinja kosinja, kenako bowa woduladula. Ngati ndi wa mu shopu musathamangire kuthira madzi, amatulutsa ake, muyembekeze aume kaye. Thirani madzi oviikira aja, onjezerani afike makapu 4, mbatatesi ziwiri zodula ting'onoting'ono, mchere, ziwire pamoto wochepa mpaka bowa afewe, wouma amachedwerapo ndithu. Pomaliza sungunulani masupuni 3 a nsinjiro mmadzi ozizira, thirani mukutakasa kuti zisachite mibulu, ziwirenso mphindi 10. Ena amaika mkaka, ine ayi, nsinjiro ndiye imandikumbutsa bowa wotendera wa agogo. Magetsi akathima mbaula imagwira bwino, mukuothera komweko.

Bowa alibe mafuta ambiri, ali ndi mavitamini a gulu la B komanso potaziyamu, ndipo woyanika padzuwa amakhalanso ndi vitamini D. Nsinjiro ikuwonjezera zomanga thupi ndiye umagona wokhuta. Koma sikuti ndi mankhwala a chimfine ayi, kungoti kukhosi kumafewa, thupi nkutenthera, chifuwa chikakula pitani ku kiliniki.

Chinanso, muzigula kwa amayi odziwa bowa, mitundu yake isakhale yosakanikirana. Wapoizoni kuyanika kapena kuwiritsa sikumuchotsa ululu, ena amawononga chiwindi munthu nkupita. Mukakayikira ngakhale kamodzi kokha, katayeni kutali komwe ana sangatole.