Masamba osafota m'nyengo yotentha: mphika m'kati mwa mphika

Dzuwa la Okutobala silichedwa kufotetsa mpiru ndi matimati. Kwathu vutoli tinalithetsa ndi miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono.

Thirani mchenga wa kumtsinje pansi pa mphika waukulu, kenako khazikani waung'onowo m'kati mpaka milomo yake ilingane. Pakati pa miphikayi patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Dzazani mpatawo ndi mchenga, muthire madzi pang'onopang'ono mpaka mchenga ukhute, koma asachite kuyandama pamwamba. Ikani ndiwo zanu mumphika waung'onowo, vundikirani ndi chiguduli chonyowa.

Chimene chimaziziritsa ndi madzi amene akutuluka m'timabowo ta dothi n'kumauma ndi mphepo. N'chifukwa chake mphika wakunja usakhale wopaka penti, ndipo ukhale pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde. Mukautsekera m'chipinda, palibe chimene mwachita. Madzi onjezerani m'mawa ndi madzulo, mchenga ukangouma zonse zimatenthanso.

Anyezi musaikemo, amawola ndi chinyezi. Nyama ndi nsomba zaziwisi ayi ndithu, kuzizira kwake sikufika pa firiji. Mvula ikayamba mphamvu yake imachepa, chifukwa madzi sauma msanga.