Momwe mungasankhire batire ndi regulator ya loboti yoyenda ndi miyendo

Loboti ya miyendo inayi imatha kudzuka bwinobwino, kenako n'kunjenjemera, Arduino (kabolodi koyendetsa lobotiyo) n'kuzima n'kuyakanso yokha. Nthawi zambiri vuto silikhala mu pulogalamu ayi, amakhala magetsi amene aperewera. Musanagule batire, tsatirani izi.

Choyamba, werengerani ma amp (A) amene ma servo anu, timamota toyendetsa miyendo, amakoka. Kaservo ka SG90 kamafuna 4.8V mpaka 6V, ndipo kakalemedwa kamakoka pafupifupi 0.7A. Yaikulu ya MG996R imafika 2.5A. Loboti ya miyendo inayi nthawi zambiri imakhala ndi ma servo 12, ya miyendo isanu ndi umodzi 18. Sikuti onse amalemedwa nthawi imodzi, koma podzuka pansi miyendo yonse imakankha limodzi. Ma MG996R 12 atakanirira onse ndi 30A. Ine ndimati konzekerani theka lake.

Chachiwiri, batire. Kabatire kamakona anayi ka 9V kaja kaiwaleni, sikangathe. Yabwino ndi LiPo ya maselo awiri, yolembedwa 2S: imapereka 7.4V, ikadzadza 8.4V. Osangoyang'ana mAh yokha (kuchuluka kwa magetsi amene batire imasunga), onaninso nambala ya C, imene mukaichulukitsa ndi magetsi osungidwawo imakuuzani ma amp amene batire ingatulutse. Batire ya 2200mAh ya 25C ingatulutse 2.2 (2200mAh ndi 2.2Ah) kuchulukitsa ndi 25, kutanthauza 55A, yokwanira ndithu. Ambiri amathamangira maselo a 18650 ochotsa m'mabatire akale a laputopu chifukwa ndi otchipa. Kwa ma SG90 angathandize, koma anawapangira kutulutsa magetsi pang'onopang'ono, ndiye pa ma servo akuluakulu ma volt amatsika msanga. Ngati LiPo mukuiopa, maselo asanu a NiMH amapereka 6V, kungoti ndi olemera, ndipo kulemerako akusenza ndi miyendo yomweyo.

Chachitatu, tsitsani ma volt ndi regulator, kachipangizo kotsitsa ma volt kuti afike pa mlingo wofunika. 8.4V ikhoza kuwotcha servo ya 6V. Apa regulator ya 7805 sithandiza: magetsi otsala imawasandutsa kutentha. Kuchoka pa 7.4V kufika 5V pa 1A ndi ma watt 2.4 ongotayika, moti simungaigwire ndi chala. Regulator ya LM2596 amailemba 3A, koma yopanda chozizilitsira musaipyoletse 2A. Pa ma servo gulani regulator yotchedwa UBEC, ya 8A kapena kuposa, ndipo akakhala akuluakulu ikani ziwiri, iliyonse idyetse miyendo iwiri. Musanalumikize servo iliyonse, yezani ndi mita zimene zikutuluka.

Chachinayi, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa: ma servo asamamwe magetsi pa pini ya 5V ya Arduino. Bolodiyo ipatseni karegulator kakekake kuchokera ku batire lomwelo, kuti ma servo akakoka kwambiri iyo isazime. Koma waya wa GND (wa negative) wa mbali zonse ziwiri ulumikizane, apo ayi ma servo azingogwedezeka opanda dongosolo. Ngati mukugwiritsa ntchito PCA9685, bolodi yoyendetsa ma servo ambiri, magetsi a UBEC alowe pamene palembedwa V+, ndipo ikani capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ya 1000µF pafupi. Timawaya ta breadboard (bolodi yoyeserapo) sitinyamula ma amp amenewa, pezani waya wonenepa. Fyuzi ndi switchi zikhale pafupi ndi batire.

Selo iliyonse ya LiPo isatsike kupyola 3.3V. Kaalamu kolumikiza pa waya wa balance (timawaya tating'ono ta batire tochokera ku selo iliyonse) kamalira ikafika pamenepo. Tchajani ndi chaja ya balance, pa simenti, muli pomwepo. Batire ikafufuma, isagwirenso ntchito.