Makwerero a zingwe: potsikira sitima tsiku la ngozi

Amene anakwerapo Ilala pa Nkhotakota akudziwa kuti sitimayi sifika kugombe. Imaima kwakuya, anthu n'kupita pa boti, kenako n'kukwera m'mbali mwake atanyamula matumba a usipa, ana ali kumbuyo. Nyanja ikakhala bata zimatheka. Koma taganizani mukutsika m'mbali momwemo usiku wa mwera, sitima itapendekeka, magetsi atazima. Nyanja yathuyi inameza sitima ya Vipya mu Julaye 1946, anthu 145 n'kutsikira kulichete.

Ndiyambe ndi inu ogwira ntchito m'sitima. Mabwato a mphira ofufuma ndi mpweya amaponyedwa pamadzi, ndipo munthu amawafikira podzera pa makwerero a zingwe. Malamulo a SOLAS, oteteza miyoyo panyanja, amafuna kuti makwererowa afike pamadzi ngakhale sitima ilibe katundu, yapendekekanso mpaka madigiri 20. Mapondero akhale a mtengo wolimba wopanda mfundo, otalikirana masentimita 30 mpaka 38, zingwe za m'mbali zikhale zopanda polumikiza.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makwerero otere amangokhala chikulungire. Kunja amaoneka abwino pomwe m'kati chingwe chafumbwa ndi chinyontho ndi dzuwa la kunyanja kuno. Atambasuleni mwezi ndi mwezi. Potokolani chingwe ndi manja, mukaona chikutuluka fumbi kapena chada m'kati, ntchito yake yatha. Musapake penti mapondero, chifukwa penti imabisa ming'alu komanso imaterera ikanyowa. Onaninso zitsulo zomangirirapo ngati dzimbiri silinazidye, ndipo pamalopo pasaunjikidwe katundu, ngakhale sitima itadzaza chotani.

Inu apaulendo, valani jekete yoyandamitsa musanafike pa makwerero, mumange zingwe zake zonse. Mapatapata vulani. Amayi, chitenje chikwinyeni chisakole pa mapondero, ndipo khanda mulipereke kwa wogwira ntchito m'sitima kuti akulandizeni pansi. Ndikudziwa kuti n'kovuta kumusiya mwana ngakhale kamphindi, koma jekete simangika bwino mwana ali kumbuyo.

Tsikani chafutambuyo, nkhope italoza sitima. Gwirani zingwe za m'mbali, osati mapondero, poti wakumwamba angakupondeni zala. Sunthani dzanja limodzi kapena phazi limodzi, zitatu zinazo zili chigwirire. M'manja musakhale kanthu: thumba, foni, ndalama za geni, zonse zisiyeni kapena zilowe m'malaya. Dikirani mnzanu afike kaye.

Povuta kwenikweni ndi pansi, pomwe bwato likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Musalumphe, mungathyole amene alimo kale. Imani pa pondero lomwe wolandira wakuuzani, mudikire funde likweze bwato, muponde pamenepo n'kusiya zingwe nthawi yomweyo. Mukalowa, kwawirani mbali yakutali kuti wotsatira apeze poponda.