Momwe mungavotere sheriff wa m'dera lanu ku Indiana

Munthu wochokera ku Malawi akamva mawu akuti sheriff, amaganiza za anthu aja otumidwa ndi khoti kukalanda katundu wa munthu amene walephera kubweza ngongole. Kuno ku America sheriff amagwiranso ntchito imeneyo, koma udindo wake ndi waukulu kwambiri, ndipo m'madera ambiri amasankhidwa ndi anthu kudzera m'voti. Ndalemba izi potengera zimene ndinadutsamo ku Indiana, komwe kuli madera 92 otchedwa county, ofanana pang'ono ndi maboma athu, ndipo lililonse lili ndi sheriff wake.

Choyamba, dziwani chimene mukuvotera. Sheriff ndiye amayang'anira ndende ya county, amateteza makhoti, amakapereka masamoni, amagulitsa pa okushoni nyumba za anthu amene alephera kulipira ngongole ya nyumba, ndiponso apolisi ake ndiwo amalondera madera a kunja kwa mzinda. Mkulu wa apolisi a mumzinda amasankhidwa ndi meya, amene angathenso kumuchotsa, pamene sheriff bwana wake ndi ovota basi. Ku Indiana amakhala pa mpando zaka zinayi, ndipo malamulo a chigawochi salola munthu mmodzi kukhalapo zaka zoposa 8 pa zaka 12 zilizonse.

Chachiwiri, onetsetsani kuti ndinu nzika ya America. Green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, sipereka ufulu wovota, ndipo munthu amene si nzika akalembetsa m'kaundula kapena kuponya voti akhoza kuimbidwa mlandu ndi kubwezedwa kwawo. Fomu yopemphera unzika, ya N-400, inasintha mtengo mu Epulo 2024 kufika pa madola 760 mukatumiza ya papepala ndi 710 mukadzaza pa intaneti, koma kalembera wa voti ndi waulere. Wina akakuuzani kuti mumulipire kuti akulembetseni msanga, dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Chachitatu ndi kalembera, ndipo apa ndipo ine ndinagwa nayo. Kaundula amatsekedwa kukatsala masiku 29 kuti chisankho chichitike, ndipo dzina lanu liyenera kukhala pa adiresi ya kumene mukukhala panopa. Ine ndinali nditalembetsa kale bwinobwino, koma ndinasamukira ku nyumba ina ya lendi yotsikirapo, mtunda wa mphindi zosakwana makumi awiri pa galimoto, osalabadira kuti ndawoloka malire n'kulowa county ina. Ndinasintha adiresi ku positi ofesi, makalata n'kumafika, ndipo ndinkaganiza kuti zonse zasinthira pomwepo. Patatha miyezi inayi, tsiku la chisankho ndinalawirira ndisanapite ku ntchito, ndinaima pa mzere m'holo ya tchalitchi china, ndipo nditafika pa tebulo mayi wina wachikulire anatenga laisensi yanga, nayang'ana pa kompyuta yake kawiri konse, kenako anandiuza mwaulemu kuti dzina langa mulibe m'kaundula wa kumeneko. Anandipatsa pepala la voti yongoyembekezera, limene amaliika mu envulopu payokha kuti akalifufuze chisankho chikatha, koma poti sindinalembetse m'county imeneyo nthawi isanathe, voti yanga sinawerengedwe. Cholakwa chinali changa. Njira yachidule ndi kulowa pa tsamba la boma la indianavoters.in.gov, kulemba dzina, tsiku lobadwa ndi county yanu, n'kuona ngati adiresi ili yolondola. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo ngati muli ndi laisensi ya Indiana mukhoza kukonza zonse pomwepo. Chitani zimenezi mwezi umene mwasamukawo, musadikire nyengo ya kampeni.

Chachinayi, musanyozere chisankho cha chipulula cha mwezi wa Meyi. M'madera ambiri chipani chimodzi chili ndi mphamvu kwambiri moti amene wapambana chipulula ndiye amakhala sheriff, ndipo voti ya mu Novembala imangotsimikiza. Pa chipulula mumatchula chipani chimene mukufuna, Republican kapena Democratic, ndipo amakupatsani pepala la chipani chimenecho. M'ma county ambiri mpando wa sheriff umapikisanidwa m'zaka zimene kulibe chisankho cha pulezidenti, monga 2022 ndi 2026, pamene anthu ambiri amangokhala kunyumba.

Chachisanu, afufuzeni opikisanawo. Zikwangwani za pa kapinga ndi timapepala tobwera m'bokosi la makalata sizinena zambiri kupatula nkhope ndi dzina. Ine ndimafuna kumva mmene munthu adzayendetsere ndende, makamaka chithandizo cha odwala ndi mtengo wa mafoni amene akaidi amaimbira abale awo, ndiponso ngati adzachite mgwirizano wa 287(g), umene umalola apolisi ake kugwira ntchito limodzi ndi a ICE, omwe ndi apolisi a imigireshoni a boma la America, pa nkhani za anthu olowa m'dziko. Kwa ife amene tili ndi abale omwe mapepala awo sanalongosoke, funso limeneli si lamasewera. Nkhani ya ndalama nayonso ndi yofunika: mu 2024 Jamey Noel, amene kale anali sheriff wa Clark County, anavomera milandu yakuba ndalama ndipo anapita kundende. Chenjeraninso ndi anthu oimba foni n'kumati ndi a ofesi ya sheriff, kuti munajomba kukhoti ndipo mulipire chindapusa pogula makhadi a m'sitolo. Amenewo ndi akuba, ingodulani foniyo.

Zotsalazo n'zosavuta. Tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu chochokera ku boma la Indiana kapena la America, monga laisensi kapena pasipoti. Ngati mulibe, a BMV, ofesi yopereka malaisensi a galimoto, amapereka chiphaso chovotera chaulere. Malo ovotera amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo amene amagwira mashifiti akhoza kukavoteratu kuyambira masiku 28 chisankho chisanafike. Dzina la sheriff limakhala cha kumunsi kwa pepala, pansi pa maudindo akuluakulu, choncho werengani mpaka kumapeto musanatsimikize voti yanu.